Okhuza Maliro Akabalalika: Mabuku Okamba za Mtima Wosweka

(NYIMBO YOTSEGULIRA PULOGALAMU, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Yakwananso nthawi yathu ija yocheza za mabuku. Lero tatenga nthano zazitali zimene zimalondola munthu woferedwa, kapena wosiyidwa pa chikondi, kufikira tsiku limene ayambiranso kukhala ngati munthu chifukwa cha wina amene sankamuganizira n'komwe.

Ife Amalawi kulira maliro timakudziwa. Uthenga ukangomveka, amayi amalowa m'nyumba ya siwa, abambo amasonkha moto panja, akwaya amachezera usiku wonse, adzukulu amalawirira kumanda, ndipo chipepeso chimalengezedwa dzina ndi dzina, uyu ufa, uyu nkhuni, uyu ndalama. Palibe amafunsa ngati malemuyo anali m'bale wake. Maliro n'kulirana, ndipo pamenepa sitisowa wotiphunzitsa.

Koma tafikaninso pakhomo lomwelo patatha masabata atatu. Tenti ija eni ake anadzatenga. Mabenchi anabwerera ku tchalitchi. Pabwalo pangotsala phulusa ndi mafuwa akuda pamene pankaphikidwa nsima ya khamu lija. Achibale anakwera basi kubwerera ku Thyolo, ku Ntcheu, ku Mzimba, poti kumunda sikudikira munthu. Mayi uja watsala ndi ana, mwini nyumba akuyembekezera lendi mwezi ukatha, ndipo nsapato za malemu zikadali kuseri kwa chitseko pamene anazivulira. M'mawa pothira tiyi amangozindikira kuti watulutsa makapu awiri. Chisoni chenicheni chimayamba nthawi imeneyo, anthu onse atapita.

Kumudzi mwambo umamuperekezabe munthu: pali kumeta, pali kusudzula, pali kumanga chiliza, ndipo azakhali ali khomo lachiwiri. Kuno m'tauni ya Blantyre zinthu n'zosiyana. Ambiri a ku Makata ndi Ndirande anabwera kudzafuna ntchito, kuyambira masiku aja fakitale ya nsalu ya David Whitehead ndi ya mowa ya Carlsberg, imene inatsegulidwa mu 1968, zinkakoka anthu a m'maboma onse. Mlomwe, Mtumbuka, Myao ndi Msena amatunga madzi pa mpopi umodzi. Wokhala naye khoma limodzi si mbumba yako. Nanga amene banja lake latha, kapena chibwenzi cha zaka zisanu chathera m'malere? Ameneyo ndiye alibe ngakhale siwa. Mwamuna anapita ku Joni, mafoni anayamba kuchepa, kenaka chithunzi cha ukwati wina chinaoneka pa Facebook. Palibe amasonkha chipepeso cha zoterezi, ndipo ankhoswe amangoti pirirani.

Ndiye funso la pulogalamu yathu lero ndi lakuti, munthu wotereyu amadzutsidwa ndi ndani?

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Tiyambe ndi buku limene ine ndimalikonda kuposa ena onse pa nkhaniyi, When Rain Clouds Gather, lolembedwa ndi Bessie Head chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mayi ameneyu ankalemba zimene anadutsamo. Anabadwa mu 1937 ku Pietermaritzburg, m'chipatala cha odwala matenda a maganizo kumene amayi ake, omwe anali mzungu, ankasungidwa. Bambo ake anali munthu wakuda, ndipo m'dziko la South Africa la nthawi imeneyo mwana wotere analibe kwawo. Analeredwa ndi anthu ena. Banja lake litasokonekera, mu 1964 anatenga kamwana kake n'kuwolokera ku Botswana, kumudzi waukulu wa Serowe, ndipo m'dzikomo anakhala zaka 15 ngati wothawa kwawo asanapatsidwe unzika. Anamwalira komweko mu 1986.

M'bukuli muli mnyamata dzina lake Makhaya, amene walumpha waya wa m'malire kuthawa ulamuliro wa tsankho. Mtima wake ndi wodzaza mkwiyo, sakhulupiriranso munthu aliyense. Panjira akumana ndi nkhalamba ina, a Dinorego, amene angomutenga n'kupita naye kumudzi kwawo ku Golema Mmidi ngati mwana wawo. Kumeneko kuli Gilbert, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Mangalande, amene akusowa munthu wodziwa kulankhula ndi anthu a m'mudzimo. Makhaya, yemwe khasu sankalidziwa, apatsidwa ntchito yophunzitsa amayi kulima fodya ndi kumanga zigafa. Amene akutsogolera amayiwo ndi Paulina Sebeso, mayi wamasiye wa ana awiri, amene mwamuna wake anadzipha atamunenera mlandu wa ndalama kuntchito.

Taonani mmene wolembayu akuwayandikizitsira anthu awiriwa. Sakuyamba ndi mawu achikondi ayi. Akuyamba ndi ntchito, matope ndi mitengo ya chigafa. Kamtsikana ka Paulina kamakonda kuumba kamudzi ka dothi pabwalo, ndipo munthu wamkulu uja, wobwera ndi mkwiyo wa dziko lonse, akunjuta pansi kukathandiza kukongoletsa kamudziko. Kenaka kukugwa chilala. Ng'ombe zikufa, miimba yadzaza kumwamba. Mwana wamwamuna wa Paulina, Isaac, ali yekha kubusa kutali, akutsokomola chifuwa chachikulu popanda womuona. Pamene akupita kukamufuna, Makhaya ndi amene akulowa m'kakhumbi ka mwanayo, n'kupeza kuti anamwalira kalekale. Akupezamonso tizinthu ta mtengo timene mwanayo ankasema pa masiku ake omaliza.

Ndimaima pamenepa nthawi zonse ndikamawerenga. Munthu amene akunyamula chisoni cha Paulina si mlongo wake, si malume ake, ndi mlendo wothawa kwawo. Ndipo ponyamula chisoni cha mnzake, Makhaya akupeza pokhazika chake. Mfumu yankhanza ya m'deralo, Matenge, itaitanitsa Paulina kuti imuimbe mlandu pa imfa ya mwana wake yemwe, mudzi wonse ukunyamuka kumuperekeza. Buku likutha awiriwa atagwirizana zokwatirana, koma Isaac sakubwerera, ndipo Bessie Head sakutinamiza kuti bala lapoleratu. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Bukuli likuonjezerapo kuti mlendoyo nayenso amakhala ali ndi tsitsi lofuna kumetedwa.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Ena mwa inu munawerenga Cry, the Beloved Country la Alan Paton, la mu 1948. Abusa a Stephen Kumalo achoka kumudzi kwawo ku Ndotsheni kupita ku Johannesburg kukafuna mwana wawo Absalom, n'kupeza kuti mwanayo wapha mzungu, Arthur Jarvis, munthu amene ankamenyera ufulu wa anthu akuda. Bambo wa wophedwayo, James Jarvis, ali ndi famu pamwamba pa chigwa chomwecho chimene abusawo amakhala. Abambo awiri, wina mwana wake waphedwa, wina mwana wake akukanyongedwa. M'nzeru za umunthu, awa ndi anthu oti sangamwerane madzi.

Amene akuwalumikiza ndi kamnyamata, mwana wa malemu Arthur. Kakufika pa hatchi pakhomo pa abusa, kakufuna kuphunzira Chizulu, ndipo kakupempha mkaka wakumwa. Abusa akukauza kuti ku Ndotsheni kulibe mkaka, ndipo ana akufa chifukwa chosowa mkakawo. Madzulo ake ngolo ikufika ndi zigubu za mkaka kuchokera kwa a Jarvis. Alipo amene amalidzudzula bukuli kuti likuchepetsa nkhanza za tsankho pozisandutsa nkhani ya chifundo cha mzungu mmodzi, ndipo chidzudzulocho chili ndi mfundo. Koma pa nkhani ya chisoni, Paton anaona zoona: a Jarvis sanachire chifukwa chopepesedwa, anayamba kupeza mpumulo atapeza ana oti awamwetse mkaka.

Omvera, mwina mwayamba kuona chimene chikubwerezedwa. Munthu watsopano uja sabwera kudzatonthoza. Amabwera ali ndi vuto lake, akufuna thandizo. M'buku lakale la ku Mangalande la Silas Marner, lolembedwa ndi George Eliot mu 1861, mmisiri woluka nsalu ananamiziridwa kuba ndi mnzake wapamtima, mnzakeyo n'kumulandanso mkazi amene anamutomera. Anasamuka, nakhala zaka 15 osacheza ndi munthu, kumangowerenga ndalama zake usiku. Ndalamazo zitabedwa, usiku wina wozizira kamwana kongoyamba kuyenda kanalowa m'nyumba mwake, amayi ake atafera panja. Kamwanako kanafuna phala, zovala, kusambitsidwa. Silas sankadziwa chilichonse cha izi, choncho anakakamizika kutsegula chitseko kuti mayi woyandikana naye amuphunzitse. Mwana anamubwezera kwa anthu.

Chimodzimodzi m'buku la masiku ano la ku Sweden, A Man Called Ove la Fredrik Backman, la mu 2012, limene ena munalionera ngati filimu ya Tom Hanks ya mu 2022, A Man Called Otto. Bambo wa zaka 59, mkazi wake Sonja wamwalira, ntchito yatha, moyo sakuufunanso. Pafupi pasamukira banja la mayi woyembekezera wochokera ku Iran, Parvaneh, ndipo mayiyu sachedwa kugogoda: tibwerekeni makwerero, tiperekezeni kuchipatala, ndiphunzitseni kuyendetsa galimoto. Bamboyo amadandaula, koma amadzuka n'kupita.

Mfundo imeneyi tiyeni tiyiganizire bwino, chifukwa ikusemphana ndi mmene timachitira. Namfedwa timamulanda ntchito zonse. Khalani pansi, tiphika ife, titunga ife, musavutike. Pa masiku a maliro zimenezo n'zoyenera. Koma zikapitirira miyezi, munthu uja amayamba kudziona ngati katundu. Amene ankamufuna tsiku ndi tsiku, womufunsa kumene kuli malaya, womudikira kuti adyere limodzi, ndi amene wapitayo. Chimene chasowa si womuchitira zinthu, koma womufuna. Olemba awa anazindikira kuti mawu akuti "tandithandizani" nthawi zina amadzutsa munthu kuposa mawu akuti "pepani".

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Tsopano chenjezo, poti si aliyense wogogoda pakhomo la mayi wamasiye amene wabwera ndi mtendere. Apa tithandizidwe ndi Mariama Bâ wa ku Senegal, amene buku lake So Long a Letter linatuluka m'Chifalansa mu 1979 n'kupata mphoto ya Noma mu 1980. Ramatoulaye, mphunzitsi komanso mayi wa ana 12, akulembera kalata mnzake wapaubwana Aissatou ali m'nyengo ya kulira ya miyezi inayi ndi masiku khumi, imene abale athu achisilamu akuidziwa bwino. Mayiyu anasweka mtima kawiri. Poyamba mwamuna wake Modou anamusiya n'kukwatira Binetou, mnzake wa mwana wawo wamkazi. Patatha zaka zisanu, Modou anamwalira.

Maliro asanazizire, mkulu wake wa malemu, Tamsir, akubwera kudzanena kuti alowa chokolo. Ramatoulaye akukana poyera, pamaso pa akuluakulu. Akubweranso Daouda Dieng, dokotala wolemekezeka amene anamufunsirapo ali mtsikana, munthu wabwino ndithu, koma nayenso akukanidwa, chifukwa mayiyu sakufuna kulowa m'nyumba ya mkazi mnzake n'kumumvetsa ululu umene iye anaumva. Nanga munthu watsopano m'moyo wake akuchokera kuti? Kumene sankayembekezera. Mwana wake wamkazi wa pasukulu watenga pathupi. M'malo momupirikitsa, mayiyu akumukumbatira, ndipo mnyamata wopereka pathupiyo, Ibrahima Sall, wophunzira wa ku yunivesite, akusanduka ngati mwana wa m'nyumbamo.

Ndimalemekeza bukuli chifukwa likukana bodza limene nkhani zambiri zachikondi zimatigulitsa, lakuti mankhwala a mwamuna ndi mwamuna wina, mankhwala a mkazi ndi mkazi wina. Munthu salowa m'malo mwa mnzake ngati tayala la njinga ya kabaza. Buku limene likuonetsa mayi akulira pa tsamba loyamba, pofika pakati wapeza bwana wa galimoto ndipo zonse zaiwalika, limenelo ndi lotayitsa nthawi, ndipo kwa munthu woferedwa ndi lopweteka. Kuno kwathu tikuwadziwa aja amafika ndi thumba la shuga maso ali pa nyumba ndi penshoni ya malemu. Tikumbutsane kuti lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 linaika kulanda katundu wa amasiye kukhala mlandu, ngakhale wolandayo atakhala m'bale wa malemu.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Tibwere kwathu. Ambiri amene munadutsa ku sekondale mukukumbuka Smouldering Charcoal la Tiyambe Zeleza, la mu 1992. Timalidziwa ngati buku la ndale za nthawi ya chipani chimodzi, koma taliwerenganinso ndi diso la lero. Muli mabanja awiri amene m'moyo wa tsiku ndi tsiku sakanakhalira mphasa imodzi: Chola, mtolankhani wophunzira, ndi bwenzi lake Catherine wa ku yunivesite; kwinaku Mchere, wogwira ntchito yophika buledi, ndi mkazi wake Nambe, okhala m'nyumba yodontha ya makoswe. Sitalaka ya ophika buledi ndi imene ikuwakumanitsa, ndipo ndende ikumanga ubale wa Chola ndi Mchere. Chola akufera m'ndendemo. Otsalawo akukapezana kunja kwa dziko, ndipo Catherine, amene wataya mwamuna amene ankati amanga naye banja, akupezeka ali pakati pa anthu amene kale akanangowadutsa pamsewu. Aliyense wogwira ntchito ku Makata angamuzindikire Mchere, ndi mnzathu wa pa shifiti.

Nawo owerenga Baibulo ali ndi nkhani yakale kwambiri ya mtundu umenewu, ya Naomi ndi Rute. Mayi wataya mwamuna ndi ana aamuna awiri kudziko lachilendo, ndipo amene akumukakamira ndi mpongozi wa mtundu wina, Mmowabu. Pamapeto pake gogoyo akulera Obedi, mwana wa Rute, pamiyendo pake. Machaputala anayi okha, mukhoza kumaliza musanagone.

Pa mabuku a Chichewa ndili ndi dandaulo, ndipo ndilinena mwaulemu chifukwa ndi mabuku amene anatilera. Tili ndi chuma: Nthondo la Samuel Josia Nthara la mu 1933, Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a Willie Zingani, ndi ena ambiri. Koma zolemba zathu zambiri zinakulira m'kalasi ndi m'mishoni, choncho zimakonda kulangiza. Wochimwa amakolola zimene anafesa, imfa imabwera ngati chilango kapena phunziro, maliro akachitika nkhani yathera pomwepo. Ine ndikufuna nkhani yoyambira pamene zinazo zimathera, m'mawa wa tsiku limene mabenchi abwezedwa.

Ndipo nkhanizo tili nazo pakhomo. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. M'dziko muno munafa anthu mazanamazana, ena mpaka lero matupi awo sanapezeke, abale awo analira opanda manda oti aloze. Opulumuka anagona m'makalasi a sukulu, mayi wotaya ana pambali pa mwana wotaya makolo, anthu osadziwana akugawana bulangete limodzi. Tisanafike pamenepo tinadutsa m'zaka za Edzi zimene zinasiya agogo akulera zidzukulu, tinadutsa mu Covid-19 ndi kolera. Inu alembi achinyamata a ku Ndirande, a ku Bangwe, a ku Mbayani, inu a m'bungwe la alembi la Malawi Writers Union, anthu amenewa mumakwera nawo minibasi. Tilembereni m'Chichewa za bambo wa ku Makata amene mkazi wake anamwalira, n'kupezeka akuperekeza kusukulu mwana wa lendi mnzake. Tilembereni za mayi wosiyidwa amene analowa banki m'khonde pongofuna ngongole, n'kupezamo mnzake wa moyo wonse. Musathamangire ukwati pa tsamba lomaliza. Mulole munthuyo alire mokwanira, akwiye, alakwitse, ndipo wakufayo akhalebe ndi malo ake m'nyumbamo.

Mawu amodzi ofunika tisanatseke. Buku limaperekeza, koma si dokotala. Ngati m'bale wanu wadutsa miyezi osadya bwino, osagona, wadzitsekera m'chipinda, wayamba kumwa mowa mopitirira, kapena akulankhula zofuna kudzichotsera moyo, musamusiye yekha ndipo musamuseke. Pitani naye kuchipatala chimene muli nacho pafupi. Kuno ku Blantyre thandizo la matenda a maganizo lilipo ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, ku Zomba kuli chipatala cha boma cha matenda amenewa, ndipo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli a St John of God. Abambo, izi zikukhudzanso inu, poti ambiri tinaleredwa kuti mwamuna salira.

Mabuku amene tatchulawa kafunseni ku laibulale ya National Library Service, ku malaibulale a m'sukulu za sekondale, ngakhalenso kwa anyamata aja amayala mabuku akale m'makonde a masitolo ku Limbe ndi m'tauni ya Blantyre. Mukalipeza limodzi, musaliwerenge nokha. Pali agogo amene maso anafooka, pali anzathu amene Chingerezi chimawavuta. Afotokozereni nkhaniyo m'Chichewa madzulo mukatha kudya.

Ndipo inu amene pafupi ndi kwanu panachitika maliro mwezi watha kapena chaka chatha, pitaniko sabata ino. Pepani munanena kale. Ulendo uno kapempheni kanthu: akusungireni mwana kwa ola limodzi, akuphunzitseni kuphika thobwa, akuperekezeni kumsika wa Ndirande. Akakana, mudzapitenso sabata inayo.

Nthawi yathu yathera pamenepa.

(NYIMBO YOTSEKERA)